Chibangili cha Apongozi

"Ndiye inu a Adamson, pa zinthu zonse zomwe amagulitsa pa Mfuwe, munaona kuti amayi anga chomwe akusowa n'chibangili?"

"Tsitsako mawu, Cathrine. Ali kuseli kwa mpandaku, akumva."

"Amve! Ndikufuna amve! Taonani izi."

Cathrine anakhuthulira pamphasa chitini cha mbewu za maungu. Pakati pa mbewuzo panagwa mapaketi awiri a mapiritsi a bipi, osatsegula n'komwe.

"Sabata ziwiri amayi sakumwa mankhwala awo. Akuti apongozi awo anawagulira dokotala wovala pamkono."

Adamson anali atangofika kuchokera ku loji, komwe ankayendetsa galimoto yoonetsa alendo nyama m'paki. Ndi nsapato zomwe anali asanavule. Anakhala pa chigubu cha madzi n'kukweza dzanja kuti dzuwa liwale pa chibangili chake, poti mwamunayu anagula ziwiri, china chake, china cha apongozi.

"Vuto lako iwe umakana chinthu usanachione. Ukanakhalapo pamsika tsiku lija! Dokotala Onesmus si munthu wamasewera ayi. Jasi yoyera mbee, galimoto ya zokuzira mawu, laputopu pathebulo. Umangogwira kachitsulo m'manja, pii pii pii, thupi lako lonse laonekera pa sikirini. Chiwindi ichi, impso izi. Ine anandipeza ndi magazi olemera."

"Magazi olemera ndiye matenda anji?"

"Ndi matenda a madalaivala."

"Nanga amayi anawapima bwanji, poti tsiku limenelo anali kuno akukazinga zitumbuwa?"

Adamson anakanda m'khosi. "Ndinamuonetsa chithunzi chawo pa foni."

"Chithunzi!" Cathrine anaomba m'manja kamodzi n'kugwira m'chiuno. "Inu amene mumauza azungu kuti phazi ili ndi la kambuku, ili ndi la fisi, ili ladutsa dzulo, ili ladutsa lero m'mawa, phazi la wakuba pamsika simunalione? Chikomekome cha mkuyu, bambo, m'kati muli nyerere."

"Nyerere zanji mu golide wa ku Dubai? Muli maginito seveni umu. Maginito amakoka matenda monga amakokera misomali. Chimodzi chokha anachenjeza: mapiritsi a kuchipatala amatseka njira, maginito sagwira. Munthu asankhe chimodzi."

"Matipu onse amene alendo anakupatsani sizoni yonse munakasiya kwa munthu amene wauza amayi anga kuti asiye mankhwala!"

Apo pamwamba pa mpanda wa udzu panatulukira mkono wautali wonyezimira mafuta a zitumbuwa, chibangili chili ng'aning'ani. Mwini mkonowo sanaoneke, ndipo sakanaoneka. Kuno ku Kakumbi mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso. Adamson anali atakhala pamudzi wa mkazi wake zaka zinayi, koma nkhope ya Amake Cathrine ankaidziwa bwino pa chithunzi chomwe chija. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Tsiku lina Adamson anapatukira momwe munali njovu, ndipo atamufunsa anati njovu amadziwa polankhula nayo, apongozi ayi.

"Cathrine," anatero mawu kuseli kwa mpanda, mawu omveka mpaka tsidya la Luangwa, "uwauze apongozi anga kuti mwaswera bwanji. Uwauzenso asamvere za iwe, unatengera pakamwa pa azakhali ako. Aone okha apa."

Mkonowo unatembenuka. Pansi pa chibangili khungu linali litabiriwira ngati ndere za padziwe.

"Matenda akutuluka awa! Zaka faifi ndikumeza timapiritsi ta anesi, ndinaonapo chotuluka? Palibe. Ichi sabata ziwiri zokha, taonani mmene chakokera."

Adamson anatsika pachigubu n'kunjuta, nkhope atalozetsa kunkhokwe. "Uwauze ndaswera bwino. Uwauze kuti nanenso zikutuluka."

"Ine ndine foni yanu?" anakalipa Cathrine. "Amayi, mutu munati ukuwawa dzulo."

"Ndi matenda akutsanzika. Ndili ndi ana aakazi atatu, akamwini atatu. Wa ku Nsefu anandibweretsera nsomba zouma zofumbwa kale. Wa ku Chipata amanditumizira moni wa pa foni, moni sadyeka. Golide wandiveka ndani? Ichi ndidzapita nacho kumanda."

"Ndi zomwe ndikuopazo," anatero Cathrine. Koma mkono unali utatsika kale.

Unali mwezi wa Okutobala, mwezi womwe chigwa chino chimasanduka chiwaya. Nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, anthu ankatuluka thukuta ngakhale posamba. Ndipo thukuta likamachuluka, mkono wa Amake Cathrine unkabiriwirabe. Lachinayi kumsonkhano wa amayi kutchalitchi anaimba nyimbo zonse dzanja lili m'mwamba, anthu n'kumati mzimu wawagwira chaka chino. Potuluka amayi anawazungulira, aliyense kufuna kukhudza. Sabata isanathe, amayi asanu ndi mmodzi anali atagula zawo kwa Onesmus, yemwe tsopano anali ataimika galimoto yake ku Jumbe. Awiri mwa iwo analinso a mapiritsi a shuga.

Koma Cathrine ankaona zina. Amayi ake anayamba kumanga duku mothina mpaka mitsempha kuoneka. Tsiku lina anapatsa mwana wasukulu zitumbuwa zinayi m'malo mwa ziwiri, chinthu chomwe sichinachitikepo chiyambire dziko. Lolemba lotsatira anadzandira pafupi ndi chiwaya cha mafuta owira, n'kugwira mtengo wa shedi. Cathrine atathamangira, iwo anati, "Ndapunthwa pa mwala." Pamalopo panalibe mwala.

Tsiku lomwelo ku loji, Adamson anali ku galaja akutsuka galimoto pamene a Ruben, mkulu wokonza mapaipi ndi mainjini, anamugwira dzanja. A Ruben anakulira kumigodi, ndipo akaona chitsulo ankachiyang'ana ngati mmene ena amayang'anira mkazi wokongola.

"Dalaivala, chimenechi wachitenga kuti?"

"Golide wa ku Dubai, mdala. Chimakoka matenda. Mukuona zobiriwirazi?"

"Tabweretsa kuno Dubai wakoyo."

Anachimangirira pa vaisi, chitsulo chopanira zinthu, n'kuchikwecha ndi tupa katatu. Golide yense anagwa ngati fumbi la choko. Pansi pake panatuluka chitsulo chofiirira. Kenako anatokosa ndi sikuludiraiva timiyala takuda tomwe tinali mkati, n'kutinunkhiza.

"Uwu ndi mkuwa, mwana wa kwathu. Paipi ya giza yotenthetsera madzi iyi, aidula, aiphwanya ndi hamala, aipaka penti. Maginito akowa ndi mphira wa pa chitseko cha firiji. Tiye uone odwala anzako."

Anamukokera kuseli kwa khitchini komwe kumadutsa mapaipi a madzi otentha. Polumikizira paliponse panali pobiriwira, mtundu womwewo wa pamkono pa Adamson.

"Iyi ili ndi bipi ya zaka teni," anatero a Ruben akugogoda paipi imodzi. "Iyi shuga. Iyo ya pakona ndikuganiza ndi mimba. Mkuwa ukakumana ndi chinyezi umabiriwira, dalaivala, makamaka thukuta poti lili ndi mchere. Okutobala uno ukhoza kuuveka mpini wa khasu, nawonso utulutsa matenda. Ha! Dziko lonse la Zambia limadya mkuwa, ndi pa mbendera pomwe mtundu wake ulipo, iwe wakagula mkuwa kwa munthu wa jasi yoyera!"

A Ruben anaseka mpaka kutsamira khoma. Atatembenuka anapeza Adamson sakuseka.

"Mdala, china ndinagulira apongozi. Anasiya mapiritsi."

Kuseka kunathera pomwepo. "Liti?"

"Sabata yachitatu ino."

"Ndiye waimiranji pano? Zengerezu adalinda kwawukwawu." A Ruben anadula kachidutswa ka paipi yakale yobiriwira n'kumuponyera. "Tenga umboni uwu, thamanga."

Ali panjinga Adamson anaimbira nambala ya Onesmus kanayi. Kanayi konse anayankha ndi mayi wa mu foni uja, wonena kuti nambalayi sikupezeka.

Cathrine atamva sanati "ndinanena." Anangomuyang'ana mwa mtundu woti mawuwo amveke okha, n'kupita kuseli kwa mpanda. Posakhalitsa anabwerako maso ali gwa.

"Akana. Akuti ndapeka ndine chifukwa cha nsanje, poti ine simunandigulire. Akuti apongozi awo ndi munthu woyenda ndi azungu, sangagule paipi. Akuti ngati n'zoona, amve kuchokera pakamwa panu."

"Pakamwa panga? Akudziwa kuti sindingathe!"

"N'chifukwa chake atero."

"Ndiwalembere kalata."

"Adzati ndalemba ndine."

"Titume abusa."

"Akazi a abusa avala chawo."

Adamson anakhala pachigubu chija atagwira mutu. Apo panadutsa Tuwaristi, mbuzi yoyera ya pakhomopo, yaikazi, yomwe anaipatsa dzinalo chifukwa, monga alendo odzaona nyama, inkalowa paliponse n'kumayang'anitsitsa anthu akudya. Inaima n'kuyamba kutafuna chingwe cha nsapato yake. Adamson anaiyang'ana, inamuyang'ana.

"Cathrine, mwambo umaletsa kulankhula ndi apongozi. Umaletsanso kulankhula ndi mbuzi?"

"Dzuwali lakulowani m'mutu."

"Gwira miyendo."

Anafinya chibangili chake chokwechedwacho pa mwendo wakutsogolo wa Tuwaristi, pamwamba pa chiboda. Poti mbuzi situluka thukuta ngati munthu, m'mawa ndi madzulo ankadonthezapo madzi a mchere. Tuwaristi inakondwera nayo ntchitoyi, inkanyambita mwendowo tsiku lonse. Cathrine yekha ndiye sanakondwe.

"Amayi afe ife tikudikira mbuzi ibiriwire?"

Anayesa njira yake: anapera piritsi n'kuthira mu tiyi. Amake anangolawa kamodzi, n'kuthira tiyiyo pa mtengo wa papaya. "Ndinakuyamwitsa ndine, mwana iwe. Ungandibisire chowawa?" Kuyambira pamenepo ankadziphikira okha.

Loweruka m'mawa Amake Cathrine anakhala pansi pa mtengo wa mango akusefa fulawa wa zitumbuwa, duku lili lothina kuposa kale. Adamson anatulukira akukoka Tuwaristi. Anakhoma chikhomo pakati pa bwalo, anamangirira mbuziyo, n'kukhala pansi atawafulatira apongozi. Cathrine anaima pakhomo la khitchini atagwira pakamwa.

"Tuwaristi, mwadzuka bwanji, madamu?" anayamba Adamson mokweza. "Ndabwera ndi mlandu. Pali mawu amene sindingauze munthu wamkulu, koma iwe ndiwe mbuzi, ulibe mkamwini."

Sefa inaima.

"Taonetsa mwendo wako. Ooo! Kalanga ine! Wabiriwira! Tuwaristi, bwanji sunanene kuti umadwala bipi? Iwe wodumpha mpanda wa sukulu, iwe wodya sopo ndi makope a ana osatsegula m'mimba, matenda onsewa umawasunga pati? Masiku anayi okha wavala golide wa ku Dubai, taona mmene akutulukira!"

Ubweya woyera wa pamwendopo unalidi wobiriwira, wooneka ngakhale uli kumsewu. Amake Cathrine anasuzumira m'mbali mwa diso, n'kuyambiranso kusefa.

"Iwe mbuzi," anatero, "uwauze anthu ena kuti palibe chodabwitsa. Mbuzi yomaliza mchere wa m'khitchini mwanga ingalephere kudwala bipi?"

Cathrine anaseka mosafuna. Adamson anapisa m'thumba.

"Wamva, Tuwaristi? Akuti ndi mchere. Chabwino. Nanga mnzako uyu anadya mchere wa yani?" Anagubuduzira kumbuyo kwake kachidutswa ka paipi kaja. Kanayenda pafumbi mpaka kukagunda lichero. "Uyu amakhala kuseli kwa khitchini ya ku loji. Alibe magazi, alibe mtima, alibe ana omupsetsa mtima. Koma taona mtundu wake."

Amake Cathrine anatola kapaipiko. Anakaika pafupi ndi mkono wawo. Anakayang'ana nthawi yaitali. Pabwalo panangomveka Tuwaristi ikutafuna khoko la mango.

"Tuwaristi," anapitiriza Adamson, mawu atatsika tsopano, "ine ndine chitsiru. Safunsa anadya phula, koma ine ndinapitirira pamenepo, phulalo ndinakadyetsa apongozi. Munthu wa jasi yoyera sindinamufunse kuti anaphunzira kuti. Sindinafunse anesi, amene ali pafupi pompa ndipo kufunsa salipiritsa. Ndinangoona chonyezimira, mtima n'kuti dyoko, lero ndiwapambana akamwini anzanga. Tsopano tamvera. Munthu wamkulu akagwa pamudzi pano, palibe adzatchule Onesmus. Adzati mkamwini anawaveka chinthu pamkono, mkono unabiriwira, basi anapita. Ndidzachoka pano ndi dzina la mfiti. Koma zimenezo n'zazing'ono, madamu. Chachikulu n'chakuti, ndani azidzandifunsa kuti mwaswera bwanji kuseli kwa mpanda? Ndani azidzanditumizira zitumbuwa zotentha n'kunama kuti zatsala? Uwapemphe, Tuwaristi. Avule paipiyo, amwe mankhwala."

Amake Cathrine anaika sefa pansi pang'onopang'ono.

"Iwe mbuzi," anatero, "uwauze apongozi anga kuti ine sindine mwana. Ndinadziwa kalekale."

"Amayi!" anafuula Cathrine.

"Khala chete, ndikulankhula ndi mbuzi. Uwauze kuti mutu ukusinja ngati mtondo kuyambira sabata yachiwiri. Munthu mmodzi ndikumamuona awiri. Koma mphatso ya apongozi umaivula bwanji anthu akuona? Ndinati ndikaivula, ndawavula iwo, mudzi wonse uziwaseka kuti anagula bodza. Ndiponso amayi sikisi a kutchalitchi anagula chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndinati bola ndipirire, kapena chigwira mawa."

"Ndiye wamva, Tuwaristi," anatero Adamson. "Iwo amaopa ine, ine ndimaopa iwo. Bipi yokha ndi imene siopa munthu."

"Uwauze ndavula."

Anagwira chibangilicho ndi dzanja lamanja n'kuyamba kukoka. Mkono unali wotupa, chinakana. Anaimirira kuti akatenge sopo. Anaponda kamodzi, kawiri. Kenako mwendo wamanzere unangopinda wokha, pakamwa panapotokera mbali imodzi, ndipo anagwera pa lichero, fulawa n'kuti phwii m'mwamba.

"Mayo! Amayi! A Adamson, amayi!"

Adamson anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi anaona nkhope ya apongozi ake pafupi, yoyera ndi fulawa, diso limodzi likumuyang'ana. Anaima chilili. Munthu amene sanapondepo ndi chithunzithunzi chawo chomwe, awagwire pati? Panjinga sakanakhalapo okha. Ngolo ya a neba inali kudimba.

"Mwaimiranji? Mukudikira chilolezo cha mbuzi?" anakalipa Cathrine.

Adamson anagwada. "Uwakweze kumsana kwanga."

Anawabereka, Cathrine n'kumanga chitenje kuti asagwe, ndipo mwamunayo analiyatsa liwiro kudutsa m'munda wa thonje wokololedwa kale. Amayi a pachitsime anasiya kupopa madzi. Mdala wina wopala mpini anagwetsa sompho. "Taonani! Mkamwini wabereka apongozi!" Ena anaphimba kumaso, ena anathamangira kuti aone bwino. Cathrine anali pambuyo akulira atanyamula nsapato za amayi ake. Pambuyo pa Cathrine panali Tuwaristi, itazula chikhomo, ikukoka chingwe, poti chiyambire siinaphonyepo choonera.

Pamsewu Adamson anaima pakati penipeni mpaka minibasi inachita kukuwa mabuleki.

Kukiliniki nesi anapopa makina opimira magazi, anayang'ana, anagwedeza makinawo n'kupopanso, kuganiza kuti awonongeka. Sanawonongeke. Anadula chibangilicho ndi pulayala, anabaya jekeseni, anaitana ambulansi ya ku chipatala chachikulu. Ali mkati molemba kalata anafunsa amene anawauza kusiya mapiritsi. Adamson anakweza dzanja ngati mwana wa giredi wanu.

"Bambo, chinthu chilichonse chimene wogulitsa wake akukuuzani kuti siyani mankhwala a kuchipatala, bwerani nacho kuno poyamba. Mukanachedwa awa imodzi, tikanakamba zina."

Amake Cathrine anagona kuchipatala masiku sikisi. Pakamwa panabwerera m'malo mwake, ndipo Cathrine anati ndicho chiwalo chomwe chinayamba kuchira, monga aliyense ankayembekezera. Koma dzanja lamanzere, lomwe lija la golide, linatsala lofooka. Kukanda fulawa kunawakanika, ndipo mpaka lero amakanda ndi Cathrine, iwo n'kumalamula. Atangofika pakhomo anatuma mwana wawoyo nyumba ndi nyumba kwa amayi asanu ndi mmodzi aja, atanyamula kapaipi kobiriwira. Awiri a shuga anabwerera kukiliniki tsiku lomwelo.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, amatero akulu, koma ulendo uno amalonda ndiwo anakondwa mbuzi ili pafupi. Kumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito m'maloji atalandira malipiro otsekera sizoni, galimoto ya zokuzira mawu inabwereranso pamsika wa Mfuwe. Onesmus anayala thebulo lake, jasi yachita kusitidwa, zibangili zili mbwee pansalu yofiira.

"Bipi! Shuga! Msana! Maondo! Golide wa ku Dubai akoka zonse! Kupima ndi ulele lero lokha!"

Khamu linatseguka pakati. Kutsogolo kunali Amake Cathrine, dzanja limodzi atalikoleka m'chitenje. Pambuyo pawo amayi asanu ndi mmodzi, aliyense atavala dala chibangili chake n'kukweza mkono wobiriwira. Kumapeto, patali ndithu monga mwa ulemu, Adamson akukoka Tuwaristi.

"Aa, amayi anga!" anatero Onesmus ataona mikonoyo. "Onani anthu inu! Umboni ukuyenda wokha! Matenda atuluka!"

"Atulukadi, a dokotala," anayankha Amake Cathrine. "Tabwera kudzathokoza. Tabweretsanso wodwala wina, nayenso zikutuluka kwambiri. Mwati kupima ndi ulele?"

Onesmus asanatseke laputopu, Adamson anali atakweza kale mwendo wobiriwira wa Tuwaristi n'kuugunditsa pa kachitsulo kaja. Pii pii pii. Pa sikirini panatuluka chithunzi cha munthu, chiwindi apa, impso apa. A Ruben, amene anabwera dala kudzaonera, anavala magalasi n'kuwerenga mokweza kuti msika wonse umve.

"Magazi olemera. Msana wotopa chifukwa chokhalitsa mu ofesi. Ndiponso, pepani madamu, mphamvu za abambo zachepa!"

Msika unagwa nacho chiseko. Ogulitsa tomato anagona pa matebulo awo. Tuwaristi, posafuna kuti ulendo upite pachabe, inayamba kudya nsalu yofiira ija, zibangili n'kumagwa pansi ngwerengwere. Onesmus anayesa kunena za netiweki, koma amayi asanu ndi mmodzi anali atazungulira galimoto, wina atakhala pa boneti, ndipo sanasunthe mpaka apolisi anafika kudzamutenga pamodzi ndi laputopu yake.

Fumbi litatsika, Amake Cathrine anatembenuka. Sanaitane Cathrine, sanayang'ane kumbali. Anayenda molunjika mpaka pamene panaima Adamson, anthu onse akuona, n'kumuyang'ana m'maso.

"Apongozi," anatero, "munthu amene anandibereka ngati thumba la thonje, mudzi wonse ukuonerera miyendo yanga ili lendelende, ndimubisalirenso chiyani? Kuyambira lero tizilankhulana ngati anthu. Ndipo mukafuna kundigulira chinthu, muziyamba mwandifunsa. Mwaswera bwanji?"

Adamson, munthu wolankhula ndi azungu a mayiko onse osachita chibwibwi, anatsegula pakamwa, anatseka. Anavula chipewa. Thukuta linatsika mpaka m'kolala. Kenako anawerama n'kugwira khutu la mbuzi.

"Tuwaristi, uwauze kuti ndaswera bwino."